Kamera yatsopano sayesera pa ukwati wa munthu

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo madzulo tinasonkhana kwa amayi ku Area 25 kuti tionere vidiyo ya ukwati wa mchemwali wanga. Amalume anachita kuchokera ku Dowa, apongozi analipo, ana ali ndandanda pamkeka maso ali pa TV. Masabata 6 tikudikira. Ndalowetsa flash kumbuyo kwa TV, pangotuluka mawu oti "File not supported". Fayilo yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi. Amayi anangogwira kukamwa.

Ndinathamangira kukabwereka laputopu kwa aneba, n'kutsegula ndi VLC, pulogalamu yoonera mavidiyo. Zinatseguka, koma bola zikanangokana. Zonse zamuholo chithunzi chikuphethira, mizere yakuda ikuyenda pankhope ya mkwatibwi. Malangizo a ankhoswe sakumveka, kukungomveka kung'ung'uza kwa masipika. Ndiye perekani-perekani yense, pamene agogo athu anadzuka n'kuvina ndodo ili m'manja holo yonse n'kuimirira, palibe. Mafayilo ake akuoneka mayina okha, kuwatsegula sakutseguka.

Ndinamuimbira wojambulayo pomwepo, anthu onse akumva. Yankho lake? "Bwana pepani, kamerayo ndi yatsopano, inangofika kuchokera ku America sabata ya ukwatiyo, ndinali ndisanaizolowere."

Ndiye mumaizolowerera pa ukwati wa mchemwali wanga?

Achimwene ojambula mavidiyo, ndimvereni bwino. Kamera yatsopano sayesera pa mwambo wa munthu. Yeserani pa nkhuku zanu, pa ana anu akusewera fulaye, pa kwaya ikamaphunzira nyimbo Lachinayi. Osati pa tsiku limene munthu wasonkhera ndalama chaka chathunthu, tsiku limene silidzabweranso. Madzi akatayika saoleka.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti chilichonse chimene chinalakwika pamenepa chikanaoneka tsiku limodzi lokha loyesa. Limodzi! Kuphethira kuja si ufiti ayi. Magetsi a ku America amayenda pa 60Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 60 pa sekondi, ndipo makamera opangidwira kumeneko amajambula motsatira zimenezo, pomwe athu kuno ndi 50Hz. Mukailowetsa muholo ya magetsi a machubu aja, chithunzi chimaphethira basi. Mukanajambula mphindi 5 zokha pabalaza panu usiku, mukanaona, n'kuika shutter, nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse, pa 1/50 kapena 1/100 ya sekondi, nkhani n'kutha. Koma simunayese.

Za "File not supported" zija nazonso. Makamera ambiri a HD amtunduwu amasunga vidiyo mu AVCHD, njira yosungira vidiyo imene Sony ndi Panasonic anatulutsa mu 2006, mafayilo ake othera ndi .MTS. Ma TV ambiri a m'nyumba zathu sawerenga zimenezo pa flash. Amafuna MP4. Pulogalamu yosinthira, HandBrake, ndi yaulere, salipira ngakhale tambala. Inu munangokopera zimene zinali mu kamera n'kutiponyera, osalowetsako pa TV ngakhale imodzi kuti muone ngati zikuonetsa. Mwaphika nsima osalawa ndiwo, n'kukapereka kwa alendo.

Ndiye khadi. Apa ndiye mtima wanga ukuchita kuwira. Akuti anagula memory card yolembedwa 128GB pamtengo wozizira, n'kusangalala kuti watola. Aliyense amene amagwira ntchito imeneyi amayenera kudziwa kuti makhadi achinyengo ali mbwee. Kunja kulembedwa 128GB, kamera nayo n'kumawerenga 128GB, koma m'kati muli malo ochepa kwambiri. Likadzaza silinena, kamera imangopitiriza kuonetsa kadontho kofiira ngati ikujambula, zinthu zikupita kumphepo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kamera ya HD ikamajambula pa liwiro la 24Mbps imadya pafupifupi 11GB pa ola limodzi. Ukwati wathu wachimalawi, kuyambira kutchalitchi, kukajambulitsa zithunzi, mpaka kudula keke, ndi maola angati? Werengani nokha. Kuyesa khadi sikufuna digiri. Ikani mu kamera, ijambule khoma mpaka khadi lidzaze, kenako tsegulani mafayilo onse, yoyamba mpaka yomaliza. Kapena liyeseni pa kompyuta ndi H2testw, pulogalamu yoyesera makhadi, nayonso yaulere. Mukagona n'kudzuka mupeza yankho. Koma ayi, simunayese.

Mawu nawonso. Mwaima pafupi ndi sipika ya DJ, maikolofoni yake ndi kaja kokhala pamwamba pa kamera, m'makutu mulibe mahedifoni. Mumaganiza kuti mukujambula chiyani? Amalume analankhula mawu amene mchemwali wanga amafuna adzawamvetse ana ake. Milomo yokha ndiyo ikuoneka ikugwedera.

Ndikudziwa, zipangizo zakwera mtengo, ndalama yakunja ikuvuta, aliyense akusaka zotchipa. Zimenezo n'zanu. Kuyesa sikugulidwa ndi dola.

Ndipo musandiuze kuti ngozi siinunkha. Ngozi ndi pamene mwachita zonse zoyenera kenako chinthu n'kukukanikani. Izi si ngozi. Uku n'kutenga chisangalalo cha banja la eni n'kuchisandutsa kalasi yanu yophunzirira. Ndalama tinapereka zonse ukwati usanachitike, sitinapemphe kuchotserako ngakhale kwacha imodzi. Tinalipira munthu wodziwa ntchito, osati wophunzira. Ngati kamera simunaizolowere, bwerani ndi yakale ija imene mumaidziwa. Sitinakufunseni kuti kamera yanu ndi ya chaka chanji ife. Timafuna kuona agogo akuvina, basi.

Ndinamufunsa ngati anasungako kwina, mwina pa hard drive, kuti akatswiri ayese kupulumutsako kenakake. Akuti khadilo analifufuta kale, anakajambulira chinkhoswe Loweruka lotsatira. Khadi lomwelo! Ndiye kuti pali banja linanso kwinakwake limene likudikira mwachimwemwe, osadziwa kuti nalonso lalira kale.

Pano tikupemphetsa kwa abale amene anajambula ndi mafoni. Ndipo inunso abale anga, ndakuuzani kangati kuti vidiyo musamaitumize mwachisawawa pa gulupu ya WhatsApp? Imafinyidwa, wina akaitumizanso kwa wina, pofika kwa ine nkhope ya agogo yasanduka phala. Itumizeni ngati document, imalola mpaka 2GB ndipo imafika momwe munaijambulira. Mukuti bandulo ndi yodula, chabwino, bwerani ndi foniyo kunyumba ndikopere ndekha ndi chingwe. Mwa anthu onse aja munanyamula mafoni m'mwamba mpaka kutchinga ankhoswe, amene wanditumizira kanthu kooneka bwino ndi msuweni wanga mmodzi yekha, masekondi 40, ndipo theka lake wajambula nsapato zake.