Magule a mu Singin' in the Rain ndi anthu amene anawavina

Maganizo anga ndi akuti aliyense wofuna kudziwa mmene gule ayenera kujambulidwira mu filimu ayambe waonera Singin' in the Rain, filimu ya kampani ya MGM imene inatuluka mu 1952 motsogoleredwa ndi Gene Kelly ndi Stanley Donen. Nkhani yake ikuchitikira ku Hollywood m'chaka cha 1927, pamene mafilimu opanda mawu ankatha ndipo olankhula ankayamba kutchuka, zomwe zinaika m'mavuto akatswiri okongola nkhope koma oipa mawu.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti kamera imaonetsa wovina thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo imakhala nthawi ndithu isanasinthe mbali, kotero kuti wovinayo alibe pobisala ngati waphonya phazi. Gene Kelly akamavina mumsewu mvula ili pamutu, ambulera atapinda, n'kumaponda madzi mpaka wapolisi atamuimirira, woonera amaona ndi maso ake kuti ndi iyeyo amene akuvina, ndipo chimwemwe cha munthu wogwa m'chikondi chimamveka popanda wina kuchifotokoza.

Komabe ine ndimaona kuti ulemu wapita kwambiri kwa Kelly, pamene anzake anakhetsa thukuta lofanana. Donald O'Connor, pa nyimbo ya Make 'Em Laugh, amathamanga kukwera khoma n'kutembenuzika m'malere, amadzigwetsa pansi mobwerezabwereza, ndipo zonsezo amazichita nkhope ikuseketsabe anthu. Debbie Reynolds anali ndi zaka 19 zokha ndiponso sanali katswiri wa zovinavina pamene ankasankhidwa, koma pa nyimbo ya Good Morning amapondera limodzi ndi akamuna awiri amene anakulira m'ntchitoyi, osatsalira m'mbuyo ngakhale pang'ono. Jean Hagen savina, koma ndiye mzati wa nthabwala zonse monga Lina Lamont wa mawu olasa m'khutu, ndipo n'koyenera kuti dzina lake linalowa m'gulu la opikisana pa mphoto ya Oscar.

Gawo limene sindigwirizana nalo kwenikweni ndi gule wautali wa Broadway Melody. Cyd Charisse amavina mogometsa, koma nkhani imaima nthawi yonseyo.

Palinso china chimene chimandipweteka. Filimuyi imadzudzula mchitidwe wogwiritsa ntchito mawu a munthu wina n'kumubisa kuseri kwa katani, ndipo imatha ndi kuulula kuti Kathy, mtsikana amene Reynolds akusewera mbali yake, ndiye amene ankaimba m'malo mwa Lina. Koma pa nyimbo ya Would You, mawu amene timamva ngati a Reynolds ndi a mayi wina, Betty Noyes, amene dzina lake silinalembedwe pa mndandanda wa ochita nawo filimuyi. Ndikufuna kuti ife okonda filimuyi tizimutchula mayiyu nthawi zonse pamene tikutchula Kelly, O'Connor ndi Reynolds.