Mapaipi a Mabuleki Olukidwa ndi Waya ndi Nkhani ya COF

Sabata yatha pa Luchenza ndinapeza anyamata a kabaza akutsutsana za mapaipi a mabuleki olukidwa ndi waya wonyezimira, amene ena akumanga m'malo mwa a labala obwera ndi njinga yamoto. Wina ankanenetsa kuti oyeza a Road Traffic akangoona paipi yotere amakubweza wopanda COF, chiphaso chosonyeza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Maganizo anga ndi akuti chimene chingakulepheretseni si wayayo, koma kapangidwe ka paipiyo ndi mmene makanika waimangira.

Paipi yeniyeni ya mtundu umenewu imakhala ndi kachubu ka pulasitiki wotchedwa Teflon m'kati, modutsa mafuta a mabuleki, kenako waya wosachita dzimbiri wolukidwa mozungulira, ndipo kunja amakutako pulasitiki. Ubwino wake ndi wakuti siifufuma mukafinya buleki, pomwe ya labala ikakalamba imatupa n'kumwa mphamvu ina imene ikanafika pa disiki. Aliyense amene anatsetserekapo mitunda ya ku Thyolo atanyamula munthu ndi thumba la chimanga, msewu uli wonyowa ndi chiperoni, akudziwa kufunika kwa buleki yogwira nthawi yomweyo. Ndikumbutseko kuti njinga zambiri za kabaza mabuleki ake ndi a drum, okokedwa ndi kebulo kapena kachitsulo, choncho nkhaniyi siikuzikhudza n'komwe.

Woyeza amafuna kuona ngati buleki ikugwira, ngati mafuta sakuchucha, ndiponso ngati paipi siikukhula tayala kapena kukokeka mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ndinaonapo paipi yofupika, yomangidwa mopotoka, imene inkachita kuti nga! mashoko akutsogolo akatambasuka, ndipo pa bawuti yake anabwezerapo mawashala akale a kopa amene anali atayamba kale kunyowa ndi mafuta. Njinga yotero iyenera kulephera, ngakhale paipi yake ikhale yodula bwanji.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti paipi ya labala imachenjeza, chifukwa imayamba yang'aluka kunja munthu n'kuona, pomwe yolukidwayi imabisa bala lake pansi pa waya. Palinso zina zongokometsera, zimene m'kati ndi labala wamba wovekedwa ukonde wonyezimira. Pogula, yang'anani ngati palembedwa DOT kapena SAE J1401, yomwe ndi miyezo ya ku America ya mapaipi a mabuleki, ndipo sankhani imene zitsulo zake zakumapeto zinafinyidwa ndi makina ku fakitale, osati zomanga ndi sipanala m'mbali mwa msewu. Mukaimanga, makanika achotse mpweya wonse, athire mafuta atsopano a mtundu wolembedwa pa chivundikiro, kaya DOT 3 kapena DOT 4, kenako mufinye buleki mwamphamvu njinga itaima n'kupitsa chala pa bawuti iliyonse musanapite kokayezetsa.