Nsanja ya ku Goa, ya ku Chumbe, ndi wotchi yathu ya pa Boma

Anthu ambiri kuno ku Mangochi Mozambique timangoidziwa pa Chiponde ndi Mandimba basi, kukaoda katundu nkubwerako. Koma mukalimba mtima nkupitirira mpaka Cuamba, Nampula, nkukafika kunyanja ya mchere, mukapeza Ilha de Moçambique, chilumba chomwe chinali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 ndipo a bungwe la UNESCO anachiika pa mndandanda wao wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 1991. Kutsogolo kwake kuli kachilumba kena kotchedwa Goa, osati Goa wa ku India ayi, pomwe pali nsanja ya nyali yolondolera zombo usiku, yopakidwa mizere yofiira ndi yoyera, ya mu 1876.

Mmene amapangira anzathuwa ndi zachikale ndithu, palibe za ofesi zambiri, umangopita kugombe nkukambirana mtengo ndi eni ngalawa za matanga, mukagwirizana ndiye ulendo wayambika, ndipo ngati mphepo yavuta mudikira basi, palibe wokakamiza nyanja. Nsanjayo yokalamba, mchere waidya, koma anyamata okuperekezawo amaidziwa nkhani yake ndipo ndalama yako imalowa mthumba mwa munthu wa pompo, mwana wake madzulo adya. Chimenecho ndiye chimandisangalatsa ine.

A ku Tanzania njira yao ndi ina. Pa chilumba cha Chumbe pafupi ndi Zanzibar pali nsanja yomwe anamanga Angerezi mu 1904, umakwera masitepe mpaka pamwamba nkuona nyanja mbali zonse. Kumeneko sungangodzuka nkupita, uyenera kubukitsa, alendo amalowa owerengeka chifukwa malowo ndi otetezedwa kuyambira 1994, kuwedza nkoletsedwa. Zaukhondo, zadongosolo, ndalama zake zimathandiza kusamala malowo komanso kutengera ana asukulu kukaphunzira, izo ndiwayamikire. Vuto mtengo wake aise, ndi wa madola, mphunzitsi wa pulayimale wa ku Namwera angolakalaka.

Nanga ife? Wina anena kuti tilibe nsanja zoterozo, chabwino, koma pa Boma pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ya mu 1903, nthawi imeneyo tauni ino ikutchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, ija inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, doko la pa nyanja ya Malawi mbali ya Tanzania, mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene, komanso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira pa sitima ya MV Vipya mu 1946. Zonsezi zili malo amodzi, museum ili pafupi pomwepo, koma mlendo akatsika minibasi amene amamulandira ndi wa kabaza, funso lake nkuti mukupita kuti bwana, ndipo akangoti Cape Maclear kapena Monkey Bay watha, wadutsa osadziwa kuti wasiya chani kumbuyo. Ife timagulitsa mchenga, chambo ndi dzuwa lolowa basi, mbiri timangoyimikapo njinga.

Pa njira ziwirizi ine ndingatenge ya Mozambique, chifukwa ya Chumbe imafuna munthu wa ndalama zambiri ayambe waikapo, pomwe ya ku Ilha imangofuna bwato ndi pakamwa podziwa kufotokoza, ndipo mabwato ndi pakamwa kuno zilipo zambiri. Anyamata a ku Chembe amatengera kale alendo ku Thumbi kukaonetsa mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba, luso ndi lomwelo. Atapezeka ochepa pa Boma oti aphunzire bwino nkhani ya Gwendolen ndi ya Vipya, nkumayenda ndi alendo kuchoka pa wotchi kukafika ku museum kenako kuwakweza boti pa Shire mpaka ku Malombe, mtengo wake wa makwacha woti Mmalawi akwanitse, ndikuuzani ngakhale masukulu a ku Zomba ndi Balaka angamabukitse.