Ana athu akuwerenga, koma akumva?

Anthu akumati ana a masiku ano sawerenga. Ine ndikukana. Akuwerenga mwina kuposa ife, tsiku lonse maso ali pa foni, WhatsApp, Facebook, mpaka ma mega atha. Ine nkhawa yanga ili pena.

Dzulo madzulo kuno ku Ulongwe mwana wa achemwali anga anabwereka foni yanga kuti alembe TPC, ntchito ya kusukulu yolembera kunyumba, funso linali la kukokoloka kwa nthaka. Mphindi zisanu zisanakwane wapeza yankho, wakopera mu kope tsamba lonse, Chipwitikizi chosalala ngati cha pa wailesi, nde ndinamuuza kuti tseka kopeyo undiuze mu Chichewa zimene walembazo. Zii. Anangondiyang'ana nkuti "malume, koma yankho ndi lomweli". Mwana woti chaka chatha chomwechi anaona ndi maso ake madzi atang'amba mizere ya mbatatesi kumunda kwa agogo ake, anagwira nawo khasu potseka chigwembecho, koma sanadziwe kuti erosão imene wakoperayo ndi chomwecho. Zinandipweteka, osanama.

Sindikumunena mwanayo ayi. Kunyumba Chichewa, kumsika Chichewa, kutchalitchi Chichewa, akalowa mkalasi Chipwitikizi, nde amazolowera kuloweza mawu osawamva. Zimenezi zinalipo foni isanabwere, ifenso tinkaloweza. Foni yangochotsa ngakhale kathukuta kolowezako.

Ndipo chimene ambiri sadziwa, kuyesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo mu Mozambique muno kunayambira ku Tete konkuno ndi ku Gaza, pulojekiti ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, kuno Chinyanja uko Chichangana. Zaka zonsezi zapita koma tandiuzeni, mwana amene waphunzira kuwerenga Chinyanja akaweruka awerenga chani? Mabuku athu m'nyumba zambiri ndi awiri basi, Baibulo ndi buku la nyimbo. Mwina ndi kalendala ya chaka chatha kkkk.

Mayi anga anaphunzira kuwerenga ku Dedza nthawi imene tinathawa nkhondo, tinabwerako mtendere wa 1992 utabwera. Mpaka lero akatenga Buku Lopatulika lawo, lija chikuto anachisoka ndi chidutswa cha chitenje, amayendetsa chala mzere ndi mzere milomo ikugwedera, vesi imodzi atha kukhala nayo mpaka madzi a tiyi awire, kenako amakufunsa kuti kodi iwe apa ukumvapo bwanji, mukangane. Kuwerenga kumeneko ndi kumene ndikuona kukusowa. Ine ndemwe ndikuvomera, nkhani ikatalika pa foni chala chimayabwa, ndimangotsitsa kufuna kuona pothera, mwinanso positi inoyi ena mwalumpha kale pakati.

Za laibulale, bibliyoteka, ndisayambe nkomwe. Kusukulu imene ndinaphunzira ine mabuku analipo ndithu koma mu kabati yokhoma, kiyi ali ndi munthu mmodzi amene tsiku lililonse "watuluka pang'ono". Tinamaliza sukulu tikungowaona pagalasi, ena chiswe chinadya. Nde wina akamati intaneti yapha malaibulale ndimaseka, kwathu kuno yapha iti? Kwa ana ambiri a ku Domwe kapena ku Tsangano foni ya Movitel ndiye laibulale yoyamba imene aigwirapo, ndipo sindingafune kuti wina awalande. Kungoti mulibemo munthu wokuuza kuti ichi nchoona ichi ndi bodza, nchifukwa chake ma gulupu adzaza mankhwala ochiza matenda onse ndi ma audio a munthu wosadziwika, ife kumangotumiza.

Chinthu chimodzi ndiyamikeko, sitinalembepo Chichewa chambiri ngati mmene tikulembera pano. Kalembedwe kake aliyense kake, wina "tch" wina "c" wina asakaniza ndi Chipwitikizi, koma tikulemba. Bwanji aphunzitsi athu, ngakhale ophunzira za ulimi a pa yunivesite ya UniZambeze pompano, osamatilemberako zinthu zazitali pang'ono mu Chichewa, za nthaka, za matenda a mbatatesi, mbiri ya Angoni, zoti munthu nkukhala nazo pansi?

Mwana uja ndamuuza kuti foni ndizimubwereka, koma akamaliza azikafotokozera agogo ake zimene walemba. Wadandaula kuti agogo amafunsa mafunso ambiri.