Vayolini imodzi ikhoza kunena zinthu ziwiri nthawi imodzi

Pali anthu amene akaona woimba vayolini atalumikiza chida chake ku kompyuta amangoti wathawa ntchito, akufuna makina amubisire zolakwa. Ine sindigwirizana nawo, komabe ndikudziwa kumene maganizowo akuchokera. Pa intaneti padzaza mavidiyo a anthu oimba vayolini okhaokha atathira eko yochuluka mpaka mawu onse asanduka nkhungu. Nyimbo iliyonse imangotuluka chisoni chomwe chija chotsekemera. Zimenezo nanenso zimanditopetsa.

Chisoni chokhachokha n'chosavuta kuimba, chimwemwenso chimodzimodzi. Zovuta ndi zimene zimabwera ziwiriziwiri mumtima: kusowa munthu amene munasiyana mutakangana ndipo mpaka pano sunamukhululukire, kapena kupuma kumene umakumva, limodzi ndi manyazi, wodwala amene wavutika nthawi yaitali akatsikira kuli chete. Pakamwa sizitheka bwino. Umayamba ndi chimodzi, ukamafika pa chachiwiri choyamba chija chazizira.

Vayolini payokha ili kale pafupi ndi zimenezi. Pakhosi pake palibe timizere tachitsulo ngati pa gitala, ndiye chala chikhoza kuima pakati pa manotsi awiri, kapena kutsetsereka osafika pamene khutu limayembekezera. Woimba akakokera uta pafupi ndi kathabwa kamene kamanyamula nsambo zinayi zija, mawu amasasa, amaonda, amakhala ngati akufuna kuduka. Muholo yaikulu zambiri mwa izi zimathera pamizere yakutsogolo. Maikolofoni ikayandikira, umamva ubweya wa uta ukukhula nsambo mawu enieni asanatuluke, umamvanso woimbayo akukoka mpweya. Kwa ine, ntchito yoyamba ya makina ndi imeneyo, osati kusalaza.

Yachiwiri ndi kubweza zimene munthu waimba kale. Mu 1967 wopeka nyimbo Steve Reich analemba nyimbo yotchedwa Violin Phase, pamene woimba amaimba kachidutswa kamodzi pamodzi ndi tepi ya kachidutswa komweko, kenako n'kumafulumira pang'onopang'ono mpaka awiriwo atasemphana. Manotsi sanasinthe, koma umayamba kumva nyimbo zina zimene palibe waziimba. Wopeka nyimbo wina, Luigi Nono, anapita patali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anajambula mawu a katswiri wa vayolini Gidon Kremer akuimba, pamodzi ndi phokoso la m'chipinda chojambuliramo, n'kuika zonsezo pa tepi. Pokaimba nyimbo imene Nono anapeka ndi tepiyo, woimba vayolini amayenda kuchoka pamalo ena kupita pena kwinaku mawu ojambulidwawo akutuluka m'masipika omuzungulira. Munthu wa lero akuyankhana ndi mawu a dzulo, nthawi zina kugwirizana nawo, nthawi zina kuwakana. Kodi kukumbukira munthu sikuyenda choncho?

Wina anena kuti makina alibe mtima. Zoona, ndipo palibe amene akuwapempha kuti akhale nawo. Mu nyimbo ya Nono ija pamakhala munthu wina pa makinawo, amene amasankha mawu oti akwezedwe ndi oti akhale chete. Wopeka nyimbo Pierre Boulez, mu nyimbo yake Anthèmes 2 ya 1997 imene inakonzedwa ku IRCAM, malo ofufuzira za nyimbo ndi makina mumzinda wa Paris, anafuna kuti makina azitenga mawu a vayolini pomwepo, kuwachulukitsa n'kuwamwaza muholo monse. Woimba akapanda kukoka uta, makinawo alibe choti asinthe.

Amene ndimalimbana nawo ndi aja opondaponda kachipangizo kobwereza mawu, kuunjika mzere pamwamba pa mzere mpaka vayolini imodzi ikumveka ngati gulu lonse. Luso lilipo, sindikana, ndipo manja timawomba. Koma pafupifupi nyimbo zonse zotere zimayenda njira imodzi: kuyamba motsitsa, kukwera, kuphulika. Ukamvera zitatu, yachinayi umaidziwa isanafike pakati, ndipo kusasa kwa uta kuja kumakhala kutakwiririka kalekale pansi pa mizere khumi.