Galimoto ikanunkha, IMANI basi!

Mpaka pano mtima sunatsike. Dzulo ndinakwera minibasi yochoka mu Blantyre kupita ku Nchalo. Titangoyamba kutsetsereka m'mapiri a ku Chikwawa muja, m'galimoto monse munadzaza fungo la chinthu chopsa, lija lolowa mpaka kukhosi. Mayi wina amene ananyamula mwana pamiyendo anati, "A dalaivala, kukununkhatu kuno." Kondakitala n'kuyankha kuti, "Musadandaule mayi, ndi anthu akuotcha makala kunjaku." Dalaivala naye anangokweza wailesi. Pofika pa Thabwa tayala lakutsogolo linali likufuka utsi, kondakitala ali yakaliyakali kupempha madzi oti athirepo.

Makala? Makala ake ati otsata galimoto imodzi kuchoka pamwamba pa phiri mpaka pansi?

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Koma la galimoto limanunkha, abale. Limayamba lakuuza ndithu kuti ndikubwera, iwe n'kumatsegula windo kuti fungolo lituluke. Fungo likatuluka vuto latuluka? Galimoto ikanunkha kupsa, ima. Osati pa siteji yotsatira, osati ukafika, osati ukatsitsa kaye anthu. Pezani malo abwino m'mbali mwa msewu, imani, zimitsani injini, anthu atsike. Nkhani ndi yomweyi, ilibe phata lina.

Kaya ndi mabuleki, kaya klatchi, kaya oyilo akudonthera pa ekizosi, kaya lamba wa injini akutsetsereka, kaya mawaya, kaya jumbo yamatirira pansi, zimenezo mukazidziwa mutaima. Palibe makaniko padziko pano amene amapeza vuto galimoto ikuthamanga 80.

Chimene chandikwiyitsa kwambiri n'chakuti za dzulozi dalaivala ankadziwa. Munthu woyenda msewu umene uja tsiku ndi tsiku sangalephere kuzindikira fungo la mabuleki. Ankatsika phiri atachotsa giya, ati kupulumutsa mafuta, phazi lili pa buleki njira yonse. Mapadi a mabuleki akatentha chonchija amasiya kugwira, ndipo kutenthako kukafika ku mafuta a mabuleki amawira, mukaponda phazi limangolowa mpaka pansi. Pamenepo ndiye mumve anthu akuti "mabuleki anaduka mwadzidzidzi." Mwadzidzidzi pati? Anayamba kalekale kukuuzani, inu munali pa wailesi. Phiri amatsika ndi giya yaing'ono, injini izithandiza kugwira galimoto. Izi amaphunzitsa ku sukulu yoyendetsa galimoto iliyonse, ngati munapitako. Ndipo madzi amene ankathira aja ndi kuwonjezera vuto, chifukwa chitsulo chotentha mukachithira madzi ozizira chimapindika kapena kung'aluka. Chisiyeni chizizire chokha. Mphindi 30 zokhala pansi pa mtengo sizinaphepo munthu.

Ndipo musati ndikunena a minibasi okha. Inu bambo a Vitz, inu mayi a Sienta, nanunso ndinu amodzimodzi. Mwamva fungo la pulasitiki yopsa likutuluka pa dashibodi, mukuti ndikafike kaye kuntchito, makaniko ndimuitana pa lanchi. Fungo la pulasitiki ndi mawaya amenewo, ndipo moto wa mawaya sudikira lanchi. Makamaka ngati ndinu aja fyuzi ikapsa mumamangapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi ntchito yake ndi kupsa kuti galimoto isapse. Mwaichotsa ntchitoyo, ndiye chipse n'chiyani? Imani, zimitsani, chotsani waya wa ku batire ngati mungathe. Mukaona utsi ukutuluka m'mbali mwa boneti musaitsegule yonse, mukupatsa moto mpweya. Tulutsani ana, talikirani, katundu mumusiye.

Imani. Kodi mawu amenewa ndi ovuta pati?

Nafenso apaulendo tili ndi mlandu. M'minibasi yodzaza, wolankhula anali mayi mmodzi yekha. Azibambo athunthu amajekete anangoti duu, ena kutseka mphuno ndi mipango, ena maso pa foni. Kuopa kutchedwa wovuta, kuopa kondakitala angakunene kuti ngati muli ndi mantha mugule yanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwalipira ndalama yanu, moyo ndi wanu, mukamva fungo nenani mokweza, ndipo akakana kuima muuzeni akutsitseni. Tikatsika asanu nthawi imodzi aima yekha, chifukwa chimene amamva anthu amenewa ndi ndalama basi. Masiku a mavuto a mafuta mumapeza zigubu za petulo zili pansi pa mipando yomwe takhalapoyo, ndiye muziti fungo la kupsa ndi nkhani yochita nayo manyazi?

Ndisanaiwale, nkhani ya chozimitsira moto. Pafupifupi galimoto iliyonse ili nako kabotolo kofiira kaja, chifukwa apolisi apamsewu amafunsa pa rodibuloko pamodzi ndi matrayango. Koma ndi angati munayang'anapo kamuvi kake ngati kali pobiriwira? Ndi angati mukudziwa kuti pali kapini kochotsa kaye musanafinye? Ambiri ndi mabotolo opanda kanthu, ogulira kuonetsa bwana, otsekeredwa kubuti pansi pa tayala la sipeya ndi matumba a chimanga. Moto wa petulo kapena oyilo suzimitsidwa ndi madzi, umangofalikira, ndiye botolo likakhala lopanda kanthu mwatsala ndi mchenga wa m'mbali mwa msewu, kukumba ndi manja. Galimoto ya mamiliyoni, chozimitsira moto chobwereka kwa mnzanu tsiku lokatenga COF, chiphaso chija chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Mxii!