Abale a ku Joni, mbava mukuzitsegulira khomo ndi chala chanu

Zimene zamuchitikira mnyamata wina wa kwathu ku Rosettenville masiku apitawa zandipweteka mtima. Ankaonera mpira pa tsamba lina la ulere, mwadzidzidzi foni yonse psuu, uthenga ukuphethira kuti mwalowa mavairasi, batire lifa, imbani nambala iyi msanga. Iye n'kuimbadi. Womuyankha, mwaulemu wake wonse, anamuuza kuti aike pulogalamu yotchedwa AnyDesk ndi kuwerenga manambala amene aonekere. Anawerenga. Kenako akuti tsegulani app ya banki tione ngati ili bwino. Pofika madzulo malipiro onse a mwezi, omwe ankati atumize kumudzi a feteleza, anali atapita.

Kodi tidzamva liti, abale anga? Tsamba la pa intaneti lingaunike bwanji za m'kati mwa foni yanu? Silingathe. Chofiiracho ndi chithunzi chabe, chimaonekera aliyense wofika pa tsambalo, kaya foni yake yagulidwa dzulo. Google ndi Microsoft saika nambala yoti muimbe pa chenjezo lawo. Masekondi amene amawerengeka chotsika aja anawaika dala kuti mutaye mtima musanaganize. AnyDesk ndi TeamViewer ndi mapulogalamu enieni a amisiri, koma mukapereka nambala yake n'kuvomereza, munthu wakutali amaona zonse za pa sikirini yanu, ngakhale OTP, nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi imene banki imakutumizirani, ikangolowa.

Choncho musadine paliponse pa uthengawo, ngakhale pa kachizindikiro ka X, chifukwa kawirikawiri nakonso n'kabodza. Tulukani, tsekani browser yonse (app yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome) pa mndandanda wa ma app otseguka. Pa kompyuta ya Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager ikatseguka sankhani browser n'kudina End task, ndipo poitsegulanso musavomere Restore, mungabwezeretse tsamba lomwelo. Ngati machenjezo akubwerabe Chrome ili yotseka, ndiye kuti tsiku lina munadina Allow osawerenga. Lowani mu Chrome, Settings, Site settings, Notifications, muletse tsamba lililonse lachilendo.

Nanga izi za m'magulu a WhatsApp? Wina waponya linki ya ntchito, inu mwadina, mwatsitsa fayilo yothera ndi .apk, yomwe imaika app mu foni, mwailola kuwerenga ma SMS anu. Ntchito yanji yofuna kuona mauthenga a ku banki? Wina pa Facebook akuti akonza pemiti masiku atatu, mungotumiza chithunzi cha pasipoti ndi kaya kangachepe. Masamba ambiri a boma la kuno amathera ndi .gov.za, kodi munayang'ana? Safunsa anadya phula.

Chondinyansa kwambiri n'cha manambala 6 amene WhatsApp imatumiza potsimikizira mwini akaunti. Uthenga ubwera ngati wa mnzanu, akuti ndalakwitsa, kodi yanga yabwera kwa inu, nditumizireni. Inu n'kutumiza! Pomwepo akaunti yapita, ndipo akathyaliwo ayamba kulembera abale anu ku Mzimba kapena ku Mangochi kuti mwagwidwa, muli ku Lindela kosungirako alendo oyembekeza kubwezedwa kwawo, atumize ndalama mwachangu. Mayi anu okalamba agulitsa mbuzi chifukwa cha kusasamala kwanu. Yatsani Two-step verification mu Settings, Account, muike PIN yanuyanu. N'zosatenga ndi mphindi ziwiri zomwe.

OTP, PIN ndi manambala 3 a kuseri kwa khadi sauza munthu, ngakhale woimbayo atchule dzina lanu lonse n'kunena kuti ndi wa ku banki. Dulani foni, muimbe nokha nambala ya foni ya banki yolembedwa pa khadi. Ndipo inu obwereketsa akaunti kuti ndalama za munthu wosamudziwa zidutsiremo, iye akupatseni ya sopo, mukuganiza apolisi akabwera adzafunsa dzina la ndani? Akauntiyo ndi yanu, mlandunso ndi wanu.

Amene wagwa kale asakhale chete chifukwa cha manyazi. Zimitsani data ndi Wi-Fi nthawi yomweyo. Bwerekani foni ina muimbire banki atseke khadi ndi app. Chotsani pulogalamu imene anakuikitsani, musinthe mapasiwedi kuyambira wa imelo. Netiweki ikazima mwadzidzidzi pomwe anzanu a kampani yomweyo ili bwino, thamangani ku shopu yawo ndi chiphaso chanu, mwina nambala yanu aisamutsira pa simu khadi ina. Sungani mauthenga onse, kanene kupolisi, mutenge nambala ya mlandu. Akabweranso ena olonjeza kukubwezerani ndalamazo mukalipira kaye, dziwani kuti ndi gulu lomwelo.

Inu amene mumamwaza malinki m'magulu a kumudzi ndi a kutchalitchi musanadziwe n'komwe kumene achokera, musiye lero lomwe.